Dzina la Gawo: Za Kuphatikiza ndi Kuchotsera Mafulakishoni

Mau onenedwa pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za kumidzi mu mzinda wa Livingstone.

Aphunzitsi amene afika ku msonkhano uno kuchokera kumidzi yakutali sadzabwerera kwao osapita kukaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndi mlatho wachitsulo umene uoloka chigwa cha Zambezi kunsi kwa mathithiwo. Mlathowo uli ndi mbiri yoyenera kuikumbukira munthu wophunzitsa masamu. Zitsulo zake zinasulidwa ku Darlington, m'dziko la England, nizibwera pa zombo kufikira ku Beira, ndi pa njanji kuchokera kumeneko. Ndipo amisiri anamanga kuyambira pa magombe onse awiri, kuti mbali ziwirizo zikakomane pakati, pamwamba pa phompho. Mbiri ya ntchitoyo isimba kuti madzulo a 31 Marichi 1905 zitsulo zapakati zinakana kulowana, pakuti zinapitirirana ndi inchi imodzi ndi kota, popeza chitsulo chikatenthedwa ndi dzuwa chitalika pang'ono. Usiku kunazizira, chitsulo chinabwerera, ndipo m'mawa mwa 1 Epulo mbali ziwirizo zinagwirana bwino lomwe. Mlatho wa mamita 198 m'litali mwake unadikira usiku wonse chifukwa cha 1¼.

Ana ambiri a m'sukulu za kwa Mukuni, kwa Musokotwane ndi ku Kazungula sadzamanga milatho; koma palibe mmodzi wa iwo amene adzatha moyo wake osagawana kanthu ndi mnzake, ndipo pogawana pamenepo ndi pomwe magawo, amene mabuku a masamu awatcha mafulakishoni, agwira ntchito yao. Tsono mphunzitsi ali yense amene wagwira choko zaka ziwiri kapena zitatu anaona kale m'kope la mwana samu yolembedwa motere: 1/2 + 1/3 = 2/5. Mwanayo waphatikiza nambala zapamwamba, naphatikizanso zapansi, najambula mzere wooneka bwino kunsi kwa yankho lake. Mphunzitsi athetha ndi inki yofiira, nalemba 5/6 pambali; ndipo sabata yotsatira mwana yemweyo abwera ndi 1/4 + 2/3 = 3/7.

Cholakwa ichi si cha ana a kumidzi okha ai, kapena cha sukulu zosowa mabuku. Mu 1978, pa mayeso a dziko lonse ku United States of America, ana a zaka 13 anafunsidwa kuti 12/13 + 7/8 iyandikira nambala iti, napatsidwa 1, 2, 19 ndi 21 kuti asankhepo. Amene anasankha 2 anali 24 okha mwa ana 100 ali onse, ndipo oposa theka anasankha 19 kapena 21. Anaona nambala zinai, nayamba kuziphatikiza ziwiri ziwiri, osaima kulingalira kuti 12/13 ndi chinthu chathunthu chongobenthuka pang'ono, 7/8 chimodzimodzinso, ndi kuti zinthu ziwiri zobenthuka sizingakhale 19. Ana aja anali nao mabuku ndi madesiki. Chimene chinawasowa ndicho kudziwa ntchito ya nambala yapansi.

Koma asanamdzudzule mwana, mphunzitsi ayambe wayang'ana m'buku lake la malikisi. Lolemba mwana akhoza masamu 7 mwa 10, ndipo mphunzitsi alemba 7/10. Lachisanu akhoza 8 mwa 10, ndipo alembedwa 8/10. Pakutha kwa sabata mphunzitsi aonkhetsa, nalemba 15/20 m'kope la mwana, naonjezapo mau oyamika. Mwana aona ndi maso ake kuti pamwamba paphatikizidwa, pansi paphatikizidwanso, ndipo wochita zimenezo ndiye mphunzitsi mwini wake. Nanga adzaleka bwanji kuchita chomwecho pa samu ya mafulakishoni? Kuonkhetsa kwa malikisi kuja sikulakwa, pakuti pamenepo chathunthu chakula: mafunso anali 10, tsopano ali 20. Koma pophatikiza magawo chathunthu sichikula. Dzungu likhala lomwelo, ndipo chofunsidwa ndicho kuti zidutswa ziwiri za dzungu limenelo, pozilumikiza, zifika pati. Kuli bwino kuti pa miyezi yophunzitsa mafulakishoni malikisi azilembedwa ndi mau, kuti "7 mwa 10", kufikira ana atakhazikika. Ndi kanthu kakang'ono, koma kachotsa chopunthwitsa chimene mphunzitsi anachiika yekha panjira.

Nambala yapansi ndi dzina

Mau awiri amene mabuku a Chingerezi atchulira nambala za fulakishoni achokera ku Chilatini. A nambala yapamwamba atanthauza wowerenga. A nambala yapansi atanthauza wopatsa dzina. Phunziro lonse lagona pamenepa. Mu 3/10, nambala 10 siiwerenga kanthu kali konse m'manja mwa munthu. Ingonena mtundu wa chidutswa, kuti chathunthu chinadulidwa pakhumi molingana, ndipo chidutswa chili chonse ndi cha msinkhu umenewo. Nambala 3 ndiyo iwerenga zidutswa zimene zilipo. Yapansi iyankha funso lakuti "zotani?", yapamwamba iyankha lakuti "zingati?"

Ana a sukulu za misyoni ali ndi mwai pano, pakuti dzina limodzi la gawo alidziwa kale asanalione pa bolodi, ndilo chakhumi. Mwana amene anaona amai ake akupatula dengu limodzi la chimanga mwa madengu khumi safuna kumasuliridwa 1/10. Mphunzitsi ayambire pomwepo. Afunse pakamwa, choko asanachigwire: zakhumi zitatu ndi zakhumi zinai, zonse pamodzi n'zingati? Palibe mwana amene adzazengereza. Adzati zakhumi zisanu ndi ziwiri, monga anganene kuti mbuzi zitatu ndi mbuzi zinai ndi mbuzi zisanu ndi ziwiri. Dzina silinasinthe, pakuti mbuzi sizisanduka ng'ombe chifukwa cha kulowa m'khola limodzi. Masiku oyamba samu zilembedwe ndi dzina lake m'mau, motere: zakhumi 3 + zakhumi 4 = zakhumi 7; makota 3 − kota 1 = makota 2. Pambuyo pake, ana atazolowera, mphunzitsi afafanize mau aja pamaso pao, nalembe nambala m'malo mwake kunsi kwa mzere, kuti aone kuti 10 wa mu 3/10 walowa m'malo mwa liu lakuti "zakhumi". Mwana amene waona zimenezi akalemba 3/10 + 4/10 = 7/20, angouzidwa kuti awerenge mokweza zimene walemba, ndipo adzamva yekha kuti zakhumi zake zasintha dzina popanda chifukwa.

Magawo a dzina limodzi alibe chobvuta china choposa ichi, ndipo sayenera kudya masabata ambiri. Chinthu chimodzi chokha chisaiwalike, ndicho chakuti magawo a m'masamu alingana. M'kunena kwa tsiku ndi tsiku sizitero. Ana awiri akanyema chinangwa, wina afuula kuti mnzake watenga hafu yaikulu. Ndipo theka la dzungu lalikulu liposa theka la dzungu laling'ono. Nzimbe, imene aphunzitsi ambiri aikonda popeza ili ndi mfundo zooneka, inyenga pa chifukwa chomwechi: mfundo za kutsinde ndi za kunsonga sizilingana, ndipo mwana wa maso akuthwa adzaona kuti zachisanu za mphunzitsi wake zina n'zazitali, zina n'zazifupi. Chingwe chopinda pakati, kapena pepala, ziposa nzimbe.

Chimene shilingi inaphunzitsa

Chobvuta chenicheni chifika pamene maina asiyana. Ena ayesa kuthandiza ana ponena kuti mbuzi ndi nkhuku sizingaphatikizidwe pokhapokha zonse zitchedwe ziweto. Fanizoli lili ndi nzeru yake, koma litsimphina, pakuti mbuzi itchedwa chiweto osasintha chiwerengero, pamene theka, likalandira dzina latsopano, chiwerengero chake chisintha: 1/2 isanduka 3/6. Fanizo loyenera ndilo la kusintha ndalama, ndipo pa ichi aphunzitsi akale anali ndi mthandizi amene a lero alibe.

Koleji ya aphunzitsi ya David Livingstone, mu mzinda uno, inatsegulidwa mu 1959, ndipo ophunzira ake oyamba anali kugula ndi kugulitsa ndi mapaundi, mashilingi ndi makobiri. Paundi inali mashilingi 20, ndipo shilingi inali makobiri 12, aja obooka pakati. Tsono 12 ndi nambala yaufulu: igawika pawiri, patatu, panai ndi pasanu ndi kamodzi popanda chotsala. Mwana wa masiku amenewo, ngakhale wosalowa m'kalasi, anadziwa kuti sikisi ndi theka la shilingi, ndi kuti tiki, ya makobiri 3, ndi kota yake. Akatumidwa ku sitolo ndi sikisi ndi tiki, sanaganize konse kuti ali ndi ndalama ziwiri mwa zisanu ndi imodzi. Anati makobiri 6 ndi makobiri 3, onse 9, kwatsala tiki kuti ikwane shilingi. Mwanayo waphatikiza 1/2 ndi 1/4, napeza 9/12, naona kuti ndi 3/4, ndipo wachita zonsezi ali chithamangire. Anthu atatu akagawana shilingi, ali yense anatenga makobiri 4. Potero mphunzitsi akalemba 1/2 + 1/3 pa bolodi, anangofunsa kuti theka la shilingi ndi makobiri angati, gawo limodzi la magawo atatu ndi makobiri angati. 6 ndi 4 ndi 10, ndiwo 10/12, kapena 5/6. Kobiri ndilo linali dzina limene magawo onse awiri anagwirizanapo.

Pa 16 Januwale 1968 Zambia inasiya paundi nilandira kwacha ya ngwee 100. Kwacha imodzi inalowa m'malo mwa mashilingi 10, kotero kuti shilingi, imene inali makobiri 12, inasanduka ngwee 10, ndipo sikisi inasanduka ngwee 5. Ku Malawi kusintha kotere kunadza mu 1971. Kusinthaku kunali kwabwino, ndipo palibe mphunzitsi amene angalire masamu aja a mizere itatu, a kunyamula 12 ndi kunyamula 20, amene analiritsa ana ambiri. Koma kanthu kena kanatayika osaoneka. Ngwee 10 sizigawika patatu kapena panai. Ngwee 100 zigawika pawiri, panai, pasanu ndi pakhumi, koma patatu zikana. Gawo limodzi la magawo atatu, limene mwana wakale analigwira m'manja, linachoka m'thumba la munthu nilikatsala m'buku lokha. Ndipo pamene mitengo ya zinthu inakwera m'zaka zotsatira, ngwee zomwe zinasowa ntchito, kufikira ndalama itakonzedwanso pa 1 Januwale 2013, pamene makwacha 1,000 akale anasanduka kwacha imodzi. Mibadwo ya ana inakula osaona ndalama yonyemeka. Chimene msika unali kuphunzitsa kwaulere chagwera tsopano mphunzitsi yekha.

Sikuti alibe zogwirira ntchito ai. Nambala 12 idakalipo pa nkhope ya wotchi, ndipo ora la mphindi 60, limene linachokera kwa anthu a ku Babulo wakale, liposa shilingi pa ufulu wake, popeza ligawikanso pasanu ndi pakhumi. Theka la ora ndi mphindi 30, gawo limodzi la magawo atatu ndi mphindi 20, kota ndi mphindi 15. Mtsikana amene atha 1/3 ya ora kutunga madzi m'mawa, nayenda 3/4 ya ora kudza ku sukulu, wathera mphindi 20 ndi 45, zonse 65. Ndiko kuti ora lathunthu ndi mphindi 5. Pa wotchi yojambula pa bolodi, ya malo 12, ana aona 4/12 ndi 9/12 zikupanga 13/12, ndi kuti yankho likhoza kupyola chathunthu popanda cholakwa. Samu yotere ndi ya moyo wao, ndipo kapena idzamthandiza mphunzitsi kumvetsa chifukwa chake ena afika belu litalira kale.

Pali zitsekero za mabotolo, zimene ana atola pa golosale ili yonse. Mwana ali yense akhale nazo 12, kapena nthanga 12 zikasowa zitsekero, ndipo mulu umenewo utchedwe chathunthu. Akauzidwa kupatula theka, apatula 6; akauzidwa kupatulanso gawo limodzi la magawo atatu a mulu woyamba uja, apatula 4; naona kuti zatsala 2. Palinso mapesi a chimanga, amene nthawi ya masika sagulidwa. Mphunzitsi adule mapesi asanu ndi limodzi olingana msinkhu. Loyamba likhale lathunthu. Lachiwiri lidulidwe pawiri, lachitatu patatu, lachinai panai, lachisanu pasanu ndi kamodzi, lotsiriza pa 12. Ndipo onse ayalidwe pansi, lina kunsi kwa linzake. Mwana aike theka ndi gawo la patatu molumikiza, nafunefune mzere umene zidutswa zake zikomana ndi malire a zonse ziwiri. Adzayesa makota, nalephera. Adzayesa za pasanu ndi kamodzi, naona kuti theka litenga zitatu, linalo ziwiri. Asauzidwe msanga. Mphindi zimene mwana ataya akuyesa mzere wolakwa ndizo zomwe aphunziramo, ndipo mphunzitsi amene afulumira kumlozera mzere wokhoza wamlanda phunzirolo.

Zikatere, mphunzitsi abwerere ku 2/5 ija, naifunse mafunso awiri pamaso pa kalasi. Loyamba: munthu anali ndi theka, napatsidwanso china, kodi angatsale ndi chochepera theka? Pakuti 2/5 ichepera theka. Lachiwiri: njira yomweyo iyesedwe pa 1/2 + 1/2. Ipatsa 2/4, ndiyo theka. Ndiko kunena kuti munthu wadya theka la mkate, nadyanso theka linalo, koma wadya theka lokha. Ana aseka pamenepa, ndipo kuseka kumeneko kukhalitsa m'mutu koposa inki yofiira. Chizolowezi cha kufunsa, cholembera chisanagwire pepala, kuti yankho likhala lopyola theka kapena lopyola chathunthu, chiyenera kuyamba tsiku loyamba.

Lamulo lolembedwa lidze potsiriza, ana ataona kale chimene lichita. Ndipo pali zinthu ziwiri zimene aphunzitsi ena achita zosathandiza. China ndicho kuphunzitsa msanga njira ya kuchulukitsa mopingasa, yapamwamba ya uku ndi yapansi ya uko. Njirayo ipatsa yankho lokhoza, koma mwana saona chifukwa chake, ndipo pofika pa magawo atatu kapena pa kuchulukitsa mafulakishoni asokonezeka, napingasa pali ponse. Chinacho ndicho kuthetha samu ya mwana chifukwa sanapeze nambala yochepetsetsa imene maina onse awiri alowamo. Mwana akapatsidwa 1/4 + 1/6, nasankha 24, nalemba 6/24 + 4/24 = 10/24, wakhoza. Wasintha ndalama zake kukhala zing'onozing'ono koposa zofunika, koma sanataye ndi imodzi yomwe. Aonetsedwe kuti 12 ikadamfupikitsira njira, ndi kuti 10/24 ndi 5/12. Koma akathethedwa, adzaganiza kuti maganizo ake onse anali olakwa, nadzabwerera ku kuloweza.

Alembi a ku Ejipito wakale anabvutika ndi zomwezi. Gumbwa limene mlembi Ahmes analikopera zaka ngati 1550 Kristu asanabadwe, limene lisungidwa ku British Museum mu London, lili ndi samu ya kugawa mikate 9 kwa anthu 10, ndipo yankho lake ndi lakuti munthu ali yense alandire 2/3 ndi 1/5 ndi 1/30. Ana okhoza apatsidwe kuti aone ngati mlembiyo anagawa bwino. Akapeza 20/30, 6/30 ndi 1/30, adzafika pa 27/30, ndiyo 9/10.

Kuchotsera, ndi ntchito ya mmisiri

Kuchotsera sikufuna lamulo latsopano: maina alingane poyamba, ndipo chiwerengero chichotsedwe. 3/4 − 1/3 ndi 9/12 − 4/12, ndiyo 5/12. Pogwa ana ndi pa nambala zosakaniza zathunthu ndi magawo. Telala ali ndi nsalu ya mamita 3½, nadulako 1¾. Mwana achotsa 1 pa 3, napeza 2. Afika pa magawo, naona kuti 3/4 siichoka pa 1/2, nazitembenuza mwakachetechete, nachotsa chaching'ono pa chachikulu, nalemba 2¼. Mankhwala ake ndi kusintha ndalama komwe kuja: wogulitsa akasowa zing'onozing'ono asintha yaikulu imodzi. Mita imodzi isandulike makota 4, kotero kuti 3½ ikhale 2 ndi makota 6. Pochotsa 1 ndi makota 3 patsala 1¾. Ndipo mwana aphunzire kubwezera chochotsedwa pa yankho lake, kuti aone ngati afika pomwe anayambira: 2¼ ndi 1¾ zipanga mamita 4, ndipo telala analibe mamita 4.

Ena afunsa ngati zonsezi zidakafunika, popeza miyeso ya mita ndi lita inalowa kale m'malo mwa yadi ndi galoni, ndipo foni ili yonse iwerengera. Mzinda uno uyankha funsolo. Livingstone unakula ndi njanji ndi matabwa. Njanji imene ioloka mlatho uja ili ndi mpata wa mafiti 3½ pakati pa zitsulo zake, ndipo mabuku a lero aulemba kuti mamilimita 1,067. Mpatawo sunasinthe, dzina lokha ndilo lasintha. Nyumba yosungira zakale za njanji, imene ili pa malo akale a sitima za Zambezi Sawmills zimene zinali kututa mitengo ya mukusi kuchokera ku Mulobezi, idzala ndi makina opangidwa pa muyeso wa inchi. Ndipo inchi siinathe ndi makinawo. Wogula mpope wa madzi afunsidwa ngati afuna wa hafu inchi kapena wa makota atatu. Misomali itchulidwa ndi mainchi ake. Ndipo m'bokosi la makaniko wokonza makina akale muli masipanala a 1/2, 9/16 ndi 5/8. Mnyamata wophunzira ntchito akatumidwa sipanala yokulirapo kuposa 9/16, nasiya ya 5/8 poganiza kuti 5 achepera 9 ndipo 8 achepera 16, adzanyozedwa pamaso pa anzake. Akadziwa kuzitcha zonse ndi dzina limodzi, 8/16, 9/16 ndi 10/16, ziima pa mzere zokha.

Sukulu yomwe ili ndi chitsanzo chake. Desiki likathyoka, kalipentala wa m'mudzi akhomera thabwa la 3/4 ya inchi pa lina la 5/8, natenga msomali wa mainchi 1½. Matabwa awiriwo apanga 6/8 ndi 5/8, ndiyo 11/8. Msomali ndi 12/8. Nsonga ya 1/8 itulukira kunsi, pomwe pakhala maondo a mwana. Mphunzitsi amene ali ndi desiki lotere m'kalasi mwake alitembenuze pamaso pa ana, awerengere nao, ndipo akatha apinde nsongayo ndi hamala.

Samu ya mai wamasiye

Pali samu imodzi imene mwana ali yense wa ku Zambia ayenera kuichita asanatuluke m'sukulu ya pulaimale, ndipo siichokera m'buku la masamu. Mu 1989 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lotchedwa Intestate Succession Act, la kagawidwe ka chuma cha munthu womwalira osasiya wilo. Pakuti kulanda chuma cha amasiye kunali kutakula, ndipo akazi ambiri anatsala ndi ana pa nyumba yopanda mphika. Lamulolo linagawa motere: 20 pa 100 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 pa 100 kwa ana, 20 pa 100 kwa makolo a womwalirayo, ndi 10 pa 100 kwa ena amene iye anali kuwasunga. Minda ya kumudzi yokhala pansi pa mafumu siilowa m'menemo, ndipo nyumba ili ndi ndime yakeyake. Koma pa chuma chogawika, monga ndalama, magawo ndi amenewo. M'mafulakishoni ali 1/5, 1/2, 1/5 ndi 1/10: maina atatu osiyana, amene onse alowa mu chakhumi. 2/10 + 5/10 + 2/10 + 1/10 = 10/10. Chuma chatha chonse, ndipo palibe chotsalira mlamu amene wadza ndi ngolo.

Tsono ana afunsidwe: mai wamasiye pamodzi ndi ana ake alandira gawo lotani? Wodziwa dzina la gawo adzati 2/10 ndi 5/10, ndiyo 7/10. Wophatikiza pamwamba ndi pansi adzati 1/5 + 1/2 ndi 2/7. Mphunzitsi aike ndalama pa mayankho onse awiri, kuti ana aone kulemera kwake. Chuma chikakhala K7,000, gawo la 7/10 ndi K4,900, pamene 2/7 ndi K2,000. Cholakwa chija, chimene m'kope chingotayitsa malikisi awiri, pa bwalo la maliro chichotsera banja K2,900. Ndipo kawiri kawiri wodziwa kulemba pa banjapo ndi mwana wa sukulu yemweyo, amene amai ake amuitana kuti awerenge pepala limene akulu abwera nalo. Pambuyo pake kuchotsera kulowepo: amai ndi ana atatenga 7/10, chotsalira makolo ndi osungidwa aja n'chotani? Ndipo ana akakhala anai, nagawana molingana, ali yense alandira gawo lotani la chuma chonse? Funso lotsirizali liloza kale ku phunziro la kugawa mafulakishoni, ndipo ana ena adzapeza 1/8 ndi mapesi ao asanaphunzitsidwe lamulo lake.

Pophunzitsa samu imeneyi mphunzitsi akumbukire amene akhala patsogolo pake. Pafupifupi m'kalasi ili yonse muli mwana amene anaona zimenezi kwao, ndipo ena mwa iwo anaziona chaka chomwe chino. Dzina la mwana wa m'kalasi lisalowe mu samuyo, ngakhale la mudzi wake. Pa bolodi palembedwe kuti "munthu wina", ndipo mwana amene waweramitsa mutu asaitanidwe kudzaichita kutsogolo.